Zingwe za Mateyu Pansi pa Lole

Lole ya Bwana Kamphuno inali nkhalamba kale pamene inkafika ku Mzimba m'chaka cha 1929. Inkatsokomola pa chitunda chilichonse, koma Malizani, dalaivala wa ku Ntcheu, ankaidziwa mtima wake. Tsiku lina mu Okutobala, itasenza matumba makumi anayi a chimanga, loleyo inagwa m'dzenje pafupi ndi Champhira. Mabawuti awiri opindika, omanga sipuling'i ku chitsulo cha mawilo akumbuyo, anaduka kuti phwa! Lole inakhala pansi ngati ng'ombe yotopa.

Mabawuti a galimoto yakale chonchi kunalibe ku boma, ngakhale kwa amwenye. Ankaitanitsa ku Limbe, miyezi iwiri.

Kamphuno, mzungu wa sitolo ku Mzimba, amene anali nawo pa ulendowo, sanavutike nazo mumtima. "Mawa nditumiza uthenga kuboma. Amuna makumi anayi a mudzi uno asenze matumbawa pamutu."

Anthu anali kalikiliki kusosa minda, mvula ili pafupi. Ulendo wa ku Mzimba wapansi, kupita ndi kubwera, ukadadya mlungu wathunthu. Malizani anapsa mtima, pakuti bambo ake anafera pa mtengatenga nthawi ya nkhondo.

Mkulu wina, Mateyu, amene ankasoka zishango za Angoni asanabatizidwe, anagwada nasuzumira pansi pa lole.

"Ichi n'chinthu chapusu chomene," anatero m'Chitumbuka, kunena kuti n'chosavuta, chingofuna chikopa chachiwisi. "Chikumba chiwisi, mbwenu chakora."

Anabwera ndi chikopa cha ng'ombe imene inaphedwa dzulo lake, nachicheka kukhala zingwe. Amuna anatukula lole ndi mitengo, iye n'kukulunga sipuling'i mwamphamvu, mfundo pamwamba pa mfundo. Chikopa chikamauma chimakokana n'kugwira ngati chitsulo, koma chimafuna masiku awiri a dzuwa.

Kamphuno anadikira tsiku limodzi, chipiriro n'kumuthera. "Liza injini tione. Zikaduka, anthu asenze."

"Sindiliza, bwana. Sichinaume."

"Ukukana ine?"

"Ndikukana."

Malizani anatenga handulo yolizira injini, naikhalira pansi pa mtengo. Mzunguyo anafiira, anatukwana, anamuopseza ndi chikoti. Koma iye mwini sankadziwa n'komwe polowetsa handuloyo, zaka zonsezi ankangokhala kutsogolo n'kumasuta kaliwo. Malizani mantha anali nawo, koma sanadzuke.

Tsiku lachitatu Mateyu anagogoda zingwe zija ndi mpeni, zinalira ngati mtengo wouma.

"Lutani makora, dada," anatero pomufunira Malizani ulendo wabwino.

"Yewo, adada."

Lole inakwera zitunda zonse osatsetsereka, n'kulowa m'Mzimba dzuwa likupendeka. Matumba atatsitsidwa, Kamphuno anatambasula dzanja.

"Bweretsa handulo. Ntchito yako yatha."

Malizani anaiponya pansi, pamapazi pa mzunguyo, kuti awerame yekha. Kenako anauyamba wapansi kulowera kummwera. Podutsa ku Champhira anapeza amuna onse ali m'minda mwawo, makasu ali m'mwamba.