Mazira a Griselda

Kuno ku Córdoba ukakhoza mayeso omaliza a kuyunivesite, anzako amakuswera mazira m'mutu n'kukuthira ufa pageti pomwepo. Ine ndi Nahuel zathu zinali zitachitika kale. M'gulu lathu lowerengera limodzi munatsala Griselda yekha, yemwe kwa zaka zisanu ankatimasulira zovuta zonse patebulo la kwawo, chikho chimodzi cha tiyi wathu wa kuno chikuzungulira.

Lachisanu lomwe anatiuza kuti alemba mayeso ake omaliza, tinamudikira pageti, mazira ali m'manja. Iye anatulukira kumsewu, atavala yunifolomu ya kusitolo ya mankhwala.

"Iwe, nanga mayeso?" anakuwa Nahuel.

"Sungani mazirawo," anatero Griselda. "Sukulu ndinasiya chaka chachiwiri, bambo atadwala."

Mtima unandipsa.

"Ndiye mabuku onse aja unkawerengeranji, wamisala iwe?"

"Mukanakhoza popanda ine, mbuzi inu?" Anaseka, misozi ikulengeza. "Ndabwera kudzatsanzika basi. Gulu latha."

Dzira linandiphwanyikira m'manja. Zaka zitatu zathunthu tikumwera chikho chimodzi, koma palibe mmodzi wa ife amene anamufunsapo kuti, "Nanga iwe wakhoza bwanji?"