Nkhalamba za a Hilario

"Ichinso chotsa," anatero Mayeso akuloza chithunzi pa laputopu. "Ndani angaitane pa ukwati wake munthu wojambula agogo opanda mano?"

Febe anachichotsa, mutu ukumuwawa. Panali patangopita masiku anayi chiikireni m'manda bambo awo, a Hilario, amene anajambula maukwati a ku Nsaru ndi midzi yozungulira kwa zaka makumi awiri. Mayeso, mchimwene wake wa Febe wokhala m'tauni, anali atawatsegulira bambowo tsamba la pa intaneti lotsatsira ntchito, koma iwo anapita asanaikepo chithunzi ngakhale chimodzi.

Tsopano nkhani inali pa kamera. A Jonas, mng'ono wawo wa malemu, anali ataneneratu kuti Lamlungu abale akagawana katundu, iwo akaigulitsa ku Msundwe. Febe anaphunzira kujambula kwa bambo akewo ndipo ntchito ina analibe. Anachonderera mpaka misozi.

"Undionetse kuti alipo anthu amene angakuitane iweyo," anayankha a Jonas. "Apo ayi, kamera si chidole."

Ndiye a Jonaswo anakhala pakhonde pomwepo, chikwama cha kamera chili pamiyendo pawo ngati mwana wodwala, kudikira kuti aone tsamba lotchukalo.

Koma a Hilario nawonso, ayi ndithu. Ukwati uliwonse, mkwatibwi zithunzi zowerengeka, keke mwina chimodzi, kenaka nkhalamba zokhazokha. Wina wakhala pamphasa, wina watsamira ndodo, aliyense payekha, wayang'ana kamera mwaulemu ngati akujambulitsa chiphaso.

"Anthu amafuna kuona velo, galimoto yamaluwa, nsapato zowala," anatero Mayeso. "Tsamba lizioneka la m'tauni. Izi angotithawa nazo."

"Nanga za velozo ndizitenga kuti, achimwene? Ndikawadzutse?"

Febe anachita manyazi ndi mawu akewo, koma mkwiyo sunamuchoke. Anakwiyira netiweki imene inkangobwera n'kuthawa, anakwiyira bambo aang'ono, ndipo koposa anakwiyira malemuwo pomusiyira nkhope zamakwinya m'malo mwa ntchito yogulitsika.

Chakumasana kabaza anatsitsa mayi wina pamsewu. Mayiyo anafika n'kugwada pafupi ndi khonde, napepesa maliro monga mwa mwambo. Anati dzina lawo ndi Tisiyenji, achokera ku Kabudula.

"Pepani, ndabwera ndi ziwiri," anatero atayang'ana pansi. "Nafenso mayi anga tinaika sabata yatha. A Hilario anawajambulapo pa ukwati wa eni ake, zaka zapitazo. Anawakhazika pampando n'kuwauza kuti, 'Agogo, khalani bwino apa, adzukulu adzafuna nkhope yanu.' Ife kunyumba tilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Kaya chilipobe?"

Febe anatsegula foda imene ankatayiramo zochotsazo. Mmawa wonse ankangoyang'ana nkhope mwachangu, osawerenga zolembedwa pansi pake. Apa m'pamene anaona kuti chithunzi chilichonse chinali ndi dzina ndi mudzi, zolembedwa ndi bambo ake omwe polemba pa laputopu ankagwiritsa chala chimodzi.

"Mayi anu anali yani?"

"NaMbewe."

Sizinatenge nthawi. NaMbewe, Kabudula. Gogo wa duku lobiriwira, akumwetulira mbali imodzi. Mayi Tisiyenji anapukuta manja pachitenje asanakhudze galasi la laputopuyo, kenaka analira motsitsa.

A Jonas anasendera pafupi. "Kodi zonsezi zili ndi maina?"

"Zikuoneka choncho, bambo aang'ono."

Febe anatsika nazo pang'onopang'ono. A Gama, Nambuma. NaPhiri, Mpingu. Zina zinali ndi mawu owonjezera akuti, "Anamwalira, ndakapereka." Mayeso sanatchulenso za velo.

"Ima pamenepo," anatero a Jonas mwadzidzidzi.

Anali iwo omwe. A Jonas, amene mudzi wonse unkadziwa kuti akaona kamera amatembenuka n'kunena kuti zojambulitsa ndi za anthu osowa chochita. Pachithunzipo anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa chili m'manja, akuseka mpaka maso kutsekeka.

"Maso angawa. Walemba chiyani pansipo?"

Febe anazengereza, kenaka anawerenga. "Jonas, mng'ono wanga, Nsaru. Anakana, ndamuba akuseka. Musamuonetse, akwiya."

A Jonas anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anakoka mpweya m'mphuno, napukuta kumaso ndi dzanja.

"Munthu wosamva ameneyu," anatero chapansipansi.

Ananyamula chikwama cha kamera n'kuchiika pamiyendo pa Febe, osamuyang'ana.

"Za velozo ukajambula wekha. Izi mwachotsazi zibwezereni zonse."