Chitsa cha Pamalo a Tiyi

Tsahirou ankagulitsa tiyi m'mphepete mwa msewu ku Tessaoua, pamtetete. Dzuwa likakwera, makasitomala ake ankasamukira kwa mnzake amene ankagulitsira pansi pa mtengo.

Pa 3 Ogasiti chaka chilichonse, kuyambira 2016, ankakatenga mbande khumi zaulere za msangu ku nazale ya boma n'kudzala pamalo pakepo. Pofika Malichi zonse zinkakhala zitauma kapena zitadyedwa ndi mbuzi.

Chaka chachinayi, mayi Rakia, mlangizi wa ku nazaleko, anakana kumupatsa zina asanaone malowo. Anapeza bwalo losesedwa bwino, ndipo pakona panali chitsa chophukira.

"Nanga ichi mumachitani, bambo?"

"Ndimasadza kawiri pachaka, mayi. Pogulitsira chakudya sipafunika tchire. Koma n'chamakani, sichikufa."

"Ndi msangutu umenewu. Mwapha mbande makumi atatu, ndipo wokhawo umene ukufuna kukhala ndi moyo ndi umene mukulimbana nawo."

Mayiwo anasiya nthambi ziwiri zowongoka, zina zonse n'kudula. Mbande sanamupatse.

Mu Epulo 2023 Tsahirou anaika benchi pamthunzi wa msanguwo. Pankakwana anthu anayi, akapanikizana.