Sopo Wanga, Masiki a Mng'ono Wanga

Chaka chimene chifuwa choopsa chija chinafika, bambo anali akudwala kale mtima. Tinkawasamala awiri, ine ndi mng'ono wanga amene amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Tonse tinkafuna kuti matendawo asalowe m'chipinda mwawo, koma pa kaletsedwe kake tinkangokokana.

Ine ndinkadalira sopo. Ndinaika beseni pakhomo, ndipo ndinkapukuta zogwirira zitseko, rimoti, ngakhale ndodo ya bambo, mpaka manja anga anachita ming'alu. Mng'ono wanga ankandiseka.

"Achemwali, kachilomboka kamayenda mumpweya. Mukulimbana ndi rimoti yosalakwa."

"Nanga iwe? Masiki akowo umangowagwiragwira tsiku lonse, kenako n'kuwapatsa bambo madzi ndi manja omwewo."

"Ndimasamba."

"Kunyowetsa nsonga za zala si kusamba."

Iye anapachika masiki pachitseko cha bambo, akuti wosavala asalowe. Ine ndinati wosasamba m'manja asalowe. Mapeto ake aliyense ankachita zonse ziwiri, ndipo bambo ankadandaula kuti asanduka mkaidi wa apolisi awiri osamvana. Koma chifuwacho sichinawagwire.

Kenako kunabwera mlongo wathu, mwana wamwamuna yekhayo, woyendetsa malole, amene bambo ankamutchula kuti Bwana. Anafika masana, maso ali psuu, akufwenthera. Beseni analilambalala. Mng'ono wanga atamupatsa masiki, anangowapinda n'kuika m'thumba.

"Ndi fumbi la mumsewu ili," anatero. "Bambo anga ndiwabisire nkhope ngati wakuba?"

Ndisanayankhe, mawu anamveka kuchokera m'chipinda: "Musiyeni Bwana alowe. Inu mwandizunza mokwanira."

Ine ndi mng'ono wanga tinayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake aime pakhomo. Palibe anasuntha. Chiyambire tili ana, mlongo wathu sanakanizidwepo kanthu m'nyumba muja.

Anakhala pabedi la bambo mpaka madzulo, zenera lili chitsekere poti bambo ankamva kuzizira. Ankawaseketsa, akutsokomola, akuwasendera malalanje n'kumawapatsa m'manja. Atachoka, ine ndinapukuta chilichonse chimene anagwira, mng'ono wanga anatsegula zenera.

Sabata isanathe bambo anatentha thupi n'kuyamba kubanika. Tili pabenchi kuchipatala, mng'ono wanga anafunsa namwino kuti chikanawateteza n'chiyani.

"Zonse zimathandiza," anatero namwinoyo. "Koma wodwala akakhala nawe pafupi m'chipinda chotseka, choopsa kwambiri ndi mpweya wake."

"Mwamva, achemwali?" anatero mng'ono wanga.

Ndinamva. Ndinamvanso kuti pamene bambo ankavutika kupuma kuseri kwa chitseko, iye anali kuwerengabe zigoli. Bambo sanabwererenso kunyumba.

Pamaliro, mlongo wathu ndiye analira kuposa aliyense. Anali atachira kalekale. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anamugwira paphewa, iye n'kumati: "Ine ndinawasiya akuseka, azakhali. Amene ankakhala nawo tsiku ndi tsiku ndi awa."

Azakhali anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ife tinangozyolika.

Anthu atabalalika, tinatsala awiri, ine ndi mng'ono wanga, kukhitchini tikutsuka makapu.

"Tsiku lija unali pafupi ndi chitseko ndiwe," ndinatero.

"Wamkulu ndinu."

"Wodziwa za mpweya si iwe?"

Anaika kapu pansi, n'kupukuta manja, n'kutuluka. Mwezi womwewo anasamuka, ndipo mpaka lero tikakumana mumsewu timangopatsana moni wa anthu achilendo.

Mlongo wathu amatiimbira foni tonse awiri. Dzulo anandilangiza nthawi yaitali kuti ndimukhululukire mng'ono wanga, akuti bambo sakanakondwa kuona ana awo atadana.