Khadi lolowera kwa Nirajan

Ndine amene ndinaona thukuta. Mwana wanga Nirajan akayamba kuyamwa ankalira ngati wabayidwa, mphumi n'kunyowa, m'nyengo yozizira ya kwathu ku Dhading. Apongozi anati ndi diso loipa, anamupaka kadontho kakuda pamphumi. Ine ndinamukulunga m'bulangete n'kukwera basi ya ku Kathmandu.

Komatu dokotala pojambula mtima papepala, anajambulira Pabitra, mchemwali wa amuna anga, uja anamaliza koleji. Anamuuza kuti mtsempha wodyetsa mtima unamera polakwika, pa njira yopita kumapapo, ndiye mtima ukumwa magazi opanda mpweya wokwanira. Adzauchotsa apo n'kuusokerera pa mtsempha waukulu. Pabitra ankagwedeza mutu, kumalemba. Ine wa kalasi sikisi ndinaima kumbuyo nditanyamula chikwama cha matewera.

Opaleshoni inatenga maola asanu, inayenda bwino. Koma m'chipinda cha odwala kwambiri mumalowa munthu mmodzi, wa khadi. Amuna anga ali ku Qatar, choncho apongozi anagamula okha: khadi kwa Pabitra, poti amamva zonena madokotala.

"Alamu, musadandaule, ndizikuuzani zonse," anatero Pabitra, akulikoleka m'khosi ngati mkanda wa ukwati.

Masiku atatu ndinkakhala pabenchi, kukama mkaka m'kapu n'kumupatsira Pabitra pakhomo. Ankatuluka ndi nkhani zakuti mwana wagwira chala chake, wamuyang'ana. Mwana wanga kutsegula maso, woyamba kumuona Pabitra. Anamwino ena ankamutchula mayi wa bedi folo, iye osawakonza. Mpunga womwe ankandigulira ndinkangoutokosatokosa osadya.

Tsiku lachinayi anamuchotsa mwanayo chubu chodyetsera cha m'mphuno. Botolo analikana, supuni analavula. Namwino wamkulu anatuluka n'kufunsa kuti kodi bere lili ndi ndani pabanja pano.

Sindinapemphe. Ndinatambasula dzanja, Pabitra anavula khadi.

Anamwino anandiphunzitsa kumunyamula osamugwira m'khwapa, chifukwa cha bala la pachifuwa. Nirajan anagwira bere mwaukali. Ndinaika dzanja pamphumi pake n'kudikira, ndikuwerenga kumeza kwake mpaka makumi anayi. Pouma. Anayamwa mpaka kugona, osalira.

Potuluka ndinapeza Pabitra ataima pakhomo ndi kabuku kake, akufunsa kuti madokotala ati bwanji.

"Palibe dokotala wanena kanthu. Mwana sanatuluke thukuta."

Anafunsa ngati chimenecho n'chabwino. Ndinayamba ndakonza shawelo yanga bwinobwino, khadi n'kulilowetsa m'kati mwa bulauzi.

"Khalani pabenchipo, alamu. Ndikufotokozerani."