Osewera Oduka M'chiuno

Monita ija, sikirini ya kompyuta, ndinakaigula ku Mchesi, kwa anthu ogulitsa katundu wakale wa m'maofesi, ndipo mu minibasi ndinachita kuifungata pamiyendo mpaka ku Nsungwi ngati mwana wodwala. Ndinaigula chifukwa cha a Owen, mkamwini wanga, amuna a mwana wanga Tiyese. Lamulungu lililonse akabwera kudzationa ankangokhala phee, manja pamaondo, ine ndi iwo n'kumafunsana za mvula mpaka nkhani kutha. Nditamva kuti kwawo ali ndi kabokosi ka gemu ya mpira ndinati, "A Owen, muzibwera nako kabokosi kanuko. TV ya pabalaza ndi ya amayi a Tiyese ndi makwaya awo, ine ndipeza yanga."

Tinaiika m'kachipinda komwe ndimasungiramo matayala. A Owen analumikiza zingwe, n'kundipatsa padi yosewerera, n'kundionetsa pomenyera ndi popatsira mnzako. Koma inu, kukoma! Munthu wamkulu ine, wa imvi, ndinkachita kudzuka pampando kukuwira woyimbira wa m'kabokosi.

Chinthu chimodzi chokha chinandisokoneza. Mpira ukangothamanga kuchoka mbali iyi kupita mbali iyo, chithunzi chinkang'ambika pakati. Wosewera mutu ndi chifuwa zili kutsogolo, miyendo yatsalira m'mbuyo. Ndikaphethira, walumikizana. Akathamanganso, wadukanso m'chiuno.

Ndinafunsa mozungulira. "Chithunzichi mukuchiona bwanji, a Owen?"

"Aa, bambo, apa ndiye munasankha."

"Palibe chikukuvutani?"

"Olo pang'ono."

Ngati wachinyamata wa maso akuthwa sakuona kanthu, ndiye kuti chong'ambika si monita, ndi maso angawa. Ine ndine dalaivala, zaka 26 pachiwongolero, ndipo pano ndimayendetsa minibasi ya sukulu, ana khumi ndi asanu ndi atatu a eni ake, m'mawa ndi masana. Mnzanga Lewis anayamba chonchi, kuona nyali za magalimoto ziwiriziwiri, lero amachita kumugwira dzanja popita kutchalitchi.

Kuchipatala sindinapite. Ndinene zoona, ndinkaopa kukamva. M'malo mwake ndinayamba kudya karoti ngati mbuzi, mpaka mkazi wanga Eness anandifunsa ngati ndalowa mpingo wina. Pamsewu zonse zinkaoneka bwinobwino, koma matenda sayamba tsiku limodzi. Ndikaona kamwana kakuwoloka pa Nsungwi, ndinkaponda mabuleki kutalitali, a kabaza n'kumandinena m'mbuyo.

Gemu yokha sindinasiye, chifukwa ndinkawina. Ziwiri kwa chimodzi, zitatu kwa ziwiri, Lamulungu lililonse. Ndinkadzitonthoza kuti ngati wakhungu akumenya wopenya chonchi, ndiye kuti luso lilipo.

Sabata yachinayi ndinalemba kalata yosiya ntchito. Ana a eni suyesera nawo mwayi. Ndinaipinda, n'kuiika m'thumba la jekete kuti Lolemba ndikapereke kwa ahedi. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ntchito imeneyi ndimaikonda, ngakhale tianato timandisokosera ndi nyimbo zawo.

Ndinaiwala kuti thumba la jekete ndi ofesi ya Eness. Titangochoka kutchalitchi anandiitanira kuchipinda, kalata ili m'manja.

"Bambo a Tiyese, ichi n'chiyani?"

"Maso, mayi. Akutha."

"Mukuona chiyani?"

"Anthu oduka m'chiuno."

"Kuti? Pamsewu?"

"Pamsewu sizinafike. Pa gemu paja."

"Ine mukundiona ndili wathunthu?"

"Wathunthu."

"Chabwino. Akabwera ndidzaone nawo."

Apa mumvetse. Eness ndi wa ku Ntcheu weniweni, ndipo tauni sinamusinthe. Sakhala chipinda chimodzi ndi mkamwini wake. Akakumana pakhomo wina amapatuka, moni amapatsana chapatali, nkhani zonse zimadzera mwa Tiyese. N'chifukwa chake mwezi wonsewo anali asanaione gemu ija ndi maso ake.

Masana a Owen anabwera ndi Tiyese, tinayatsa, mpira unayamba. Ndinamva katani ya pakhomo ikugwedera kumbuyo kwathu. Sipanathe mphindi ziwiri.

"Tiyese!" anaitana Eness, mawu onse. "Tawafunsa amuna akowa. Anthu awo ampirawa, kwawonso amaduka m'chiuno chonchi?"

Padi inatsala pang'ono kugwa m'manja mwa a Owen. Ine ndinatembenuka. "Mwaonanso inu?"

"Nanga n'zobisika? Uyo wa malaya ofiirayo miyendo waisiya kuti?"

Ndinayang'ana a Owen. Iwo anayang'ana matayala.

"A Owen."

"Bambo."

"Mumaziona?"

Anatsika pampando n'kunjuta, uku akutikita manja. "Ndinaona tsiku loyamba lomwe, bambo. Kabokosika kakutumiza zithunzi zolemera, za 1080, ndiye sikakuyendera limodzi ndi monitayi. Isanamalize kuonetsa chithunzi chimodzi, china chafika kale, ndiye pamwamba pamakhala china, pansi china."

"Mankhwala ake?"

"Kungotsitsa, tiike pa 720."

"Zimatenga masiku angati zimenezo?"

"Mphindi imodzi, bambo."

Mphindi imodzi! Ine mwezi wathunthu ndikutafuna karoti, ndikutsanzikana ndi chiwongolero mumtima. "Nanga osanena bwanji? Sindinakufunseni ine?"

"Munainyamula pamiyendo kuchokera ku Mchesi, bambo. Munaipukuta ndi mpango wanu. Ndikanayambira pati kunena kuti ili ndi vuto? Ngakhale kukonza mwakachetechete ndinkaopa, mukanafunsa kuti ndikukonza chiyani."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinakumbukira apongozi anga. Ndikanakhala ine pamaso pa malemu bambo ake a Eness, ndikanayamikiranso ngakhale wailesi yopanda batire. Kuseri kwa katani Eness anali atayamba kale kuseka, kuseka kwake kuja kogwira khoma. Anauza Tiyese za kalata, Tiyese anauza amuna ake, ndipo a Owen anagwira kumutu. "Mayo ine, bambo, ndikanakuchotsetsani ntchito!"

"Dzukani apo, konzani chinthucho."

Anadina apa, anadina apo, monita inathima n'kuyakanso. Chithunzi chinafooka pang'ono, manambala a pamalaya sankawerengeka bwino ngati kale, koma osewera anathamanga bwalo lonse ali ndi miyendo yawo. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga mwezi wonse. Ndinasangalala, abale, ndinasangalala ngati ndalandira laisensi kachiwiri.

Kenako ganizo lina linandifikira. "A Owen, nanga zigoli zija ndakhala ndikukumenyanizi?"

Anayang'ananso matayala. Tiyese anayankhira pakhomo. "Adadi, awa kunyumba anzawo anasiya kubwera. Palibe amawagonjetsa."

Ohoo. Ndiye ulemu unafika mpaka pagolo.

"Tamverani," ndinatero. "Ulemu wanu ndaulandira, ndipo ndathokoza. Koma m'kachipinda kano muziusiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Mukaona chokhota, nenani. Mukapeza mpata, menyani. Tiyambirenso."

Kunja Eness anali akukolezera mbaula ndi kalata yanga ija, utsi ukulowa pawindo. A Owen anakhala bwino pampando, anapukuta manja pathalauza, n'kugwira padi mwa mtundu wina umene ndinali ndisanauonepo.

Anandithira zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu. Zonsezo ndinaziona bwinobwino, chimodzichimodzi, ndi maso angawa.