Akakowa pa Chinkhoswe cha Jessy

"Bwererani m'mbuyo, achimwene," anatero Jessy akusendera pafupi ndi kompyuta. "Mwadumpha. Nkhuku zili kuti?"

Chancellor anabwerera m'mbuyo. Panabwera chithunzi cha azimayi akuvina pa perekaniperekani, kenako cha Jessy mwiniwake atafunditsidwa chitenje kumutu, kenako cha amalume awo, a Masautso, akudzuka pampando n'kukonza jekete. Chotsatira chinali thambo. Chinanso thambo, lakuda bii, ndi akakowa oyera mbee akuwoloka pamwamba pa madenga a malata. Anthu atabweranso m'zithunzimo, anali akuombera m'manja zinthu zomwe zinali zitatha kale.

Linali Lamlungu masana, tsiku lotsatira chinkhoswe cha Jessy, ndipo anali m'kachipinda ka Chancellor kuseri kwa nyumba ina ku Etwatwa, ku Joni. Eddie, mwamuna wa chinkhoswecho, anaima pakhomo chifukwa mkatimo munalibe malo a munthu wachitatu.

"Palibe," anatero Chancellor motsitsa mawu.

"Palibe chiyani?"

"Nthawi yomwe ankhoswe ankapatsana tambala ndi msoti sindinajambule."

Jessy sanakalipe. Anangoyang'ana mchimwene wakeyo, ndipo Chancellor anaona kuti kukalipa kukanakhala bwino.

Mkati mwa sabata Chancellor ankayendetsa kagalimoto konyamula mabokosi m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Spartan. Kamera anagula yakale, ndipo Amalawi a ku Etwatwa atangomva, anayamba kumuitana. Ambiri ankafuna chinthu chimodzi: kuima pafupi ndi galimoto ya eni ake, dzanja pachitseko, kuti kumudzi aone kuti Joni ikuwayanja. Chancellor ankawajambula bwinobwino, koma mtima wake sunali pamenepo. Mtima wake unali kudambo la kuseri kwa lokeshoni, kumene bango limayera ndi chisanu m'mwezi wa June, ndi kumapiri a ku Heidelberg kumene ankapita pa takisi akapeza tsiku lopuma. Chiyambire ali mwana ku Ntcheu, mbuzi zinkalowa m'minda ya anthu iye ali chagada kuyang'ana mitambo. Anzake a ku Joni anamupatsa dzina loti wojambula udzu. Kwa iwo, chithunzi chopanda munthu chinali ngati ndiwo zopanda mchere.

Amayi awo sakanatha kubwera ku chinkhoswe. Miyendo inkawavuta, ndipo ulendo wa basi wodutsa m'mayiko atatu sunali wawo. Pafoni anapempha chinthu chimodzi chokha. Madiresi analibe nawo ntchito, zakudya analibe nazo ntchito. Ankafuna kuona ndi maso awo mchimwene wawo Masautso akulandira tambala wa kuchimuna ndi kupereka msoti wa kuchikazi, kuti akhulupirire kuti mwana wawo sanangolowana ndi mwamuna kuchilendo, koma wapita mwa mwambo, anthu akuona.

Choipa kwambiri n'chakuti Chancellor yemweyo ndiye anatseka njira zina zonse. Pa zikondwerero za Amalawi aliyense amadzuka ndi foni m'manja, ndipo wojambula amangotola misana ya anthu. Iye anauza wotsogolera mwambo kuti alengeze, ndipo analengezadi pa chimkuzamawu: "Mafoni m'matumba, abale! Lero tili ndi katswiri!" Anthu anaseka, koma anamvera. Amalawi akamvera lamulo pa chinkhoswe ndi chinthu chosowa, ndipo tsikulo anasankha kumvera.

Ndiyeno, nthawi yopatsana nkhuku itayandikira, mphepo inasintha. Tenti inagwedezeka, kuwala kwa dzuwa kunalowa chapansi pa mtambo wamvula, ndipo Chancellor atatembenuka pang'ono anaona akakowa akuchokera kudambo, ambirimbiri, akuwala ngati mapepala pa mtambo wakudawo. Anali atadikira kuwala kotero miyezi yambiri. Manja anakwera okha. Anamva nthungululu kumbuyo kwake, koma anati mumtima, kamodzi kokha, kamodzinso. Potembenuka, tambala anali kale m'manja mwa mayi wina akupita naye kuseri.

"Eish, alamu," anatero Eddie ali pakhomo paja, akukanda kumutu. "Koma si nkhani yaikulu. Tivalenso zovala zija, tiitane amalume, tigwire nkhuku, inu khethe! Amayi adziwa bwanji?"

"Tambala uja anadyedwa," anatero Jessy. "Alendo a ku Tembisa sakanabwerera ndi njala."

"Nkhuku ndi nkhuku. Gogo wa pa spaza, kagolosale kaja, ali nazo, tibwereka."

Chancellor anaigwira mfundoyo ndi manja awiri. Madzulo omwewo iye ndi Eddie anapita kwa a Masautso ku Daveyton, tambala wobwereka ali m'katoni yoboola. Anawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse payipi ili m'manja, kenako anasuzumira m'katonimo.

"Ameneyu ndi wofiira," anatero. "Wathu uja anali wamawangamawanga."

"Amayi sanamuone uja, malume," anatero Chancellor.

"Ine ndinamuona." A Masautso anatseka madzi. "Mphwanga, ine ndakhala ku Joni kuno zaka zambiri, ndipo mabodza otumiza kumudzi ndatumizapo okwanira. Ndinajambulitsapo nditavala suti ya mnzanga. Koma dzulo ndinaima m'malo mwa bambo ako, ndipo zimene ndinalandira m'manjamu zinali zenizeni. Ukufuna ndikaime ndi nkhuku ya gogo wa pa spaza, ndimwetulire, mlongo wanga aziika chithunzicho pakhoma n'kumaonetsa anthu a kumpingo? Ayi. Iwe muimbire foni, umuuze."

"Adzakhumudwa."

"Inde adzakhumudwa. Bweza nkhuku ya eni ake isanafe ndi kutentha."

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro, Chancellor anakhala pa thabwa kuseri kwa nyumba ya katundu ija, ndege zikudutsa chapansipansi kupita ku bwalo, n'kuimba foni. Amayi anayankha msanga ngati anali ataigwira kale m'manja.

"Zithunzi zija sizikufika, mwanawe. Kapena ndi netiweki ya kuno?"

Anawauza zonse, osakometsera. Mbali inayo ankamva mbuzi ikulira patali.

"Nanga unkajambula chiyani?" anafunsa amayi.

"Mbalame, amayi."

"Mbalame," anabwereza amayi. "Tatumiza ndione mbalame zoposa mlongo wakozo."

Anatumiza. Anadikira, akuyang'ana timizere tiwiri pafoni mpaka titasanduka tobiriwira. Amayi anaimbanso okha.

"Kani ku Joni kuli akakowa? Nonsenu mumanditumizira magalimoto ndi mipanda, ine n'kumaganiza kuti ana anga amakhala pa simenti pokhapokha. N'chokongola, sindikunamiza. Dzanja uli nalo." Mtima wa Chancellor unayamba kutsika, koma amayi anali asanamalize. "Chabwino, chithunzi palibe. Ndiye undiuze ndi pakamwa. Anayamba kupereka ndani? Amalume ako ananena mawu otani? Jessy ankaoneka bwanji pankhope, analira kapena ankaseka?"

Mpaka nthawi imeneyo Chancellor ankaganiza kuti chomwe anataya ndi chithunzi. Tsopano anazindikira kuti iye mwini, mchimwene wake wa Jessy, m'bale yekhayo wa bere limodzi amene analipo, sanaone n'komwe.

"Sindikudziwa, amayi. Ndinali nditatembenuka."

"Ndi zimenezo zomwe zandipweteka," anatero amayi mofatsa. "Ine ndili kutali chifukwa cha miyendo. Iwe unali pomwepo."

Sanamutukwane. Anamufunsa ngati wadya, n'kutsanzika. Chancellor anabwerera ku mabokosi ake ndi manyazi omwe sanawamvepo chibadwire.

Sabata yonse Jessy sanayankhe mauthenga ake. Loweruka m'mawa anatulukira yekha, atanyamula mbale ya mandasi otsala ku malonda ake, n'kukhala pabedi popanda kuuzidwa.

"Amalume anaimbira amayi," anatero. "Anawafotokozera zonse, mpaka mtundu wa tambala. Akuti anacheza mpaka foni inatha moto."

"Pepa, mlongo wanga."

"Ndamva. Koma paukwati ndapeza wojambula wina, Twalibu wa ku Tembisa. Inu kamera mudzaisiye kunyumba. Mudzakhale pampando wa kutsogolo, mudzandiyang'ane ine."

Zinamuwawa, koma anagwedeza mutu. "Ndidzatero. Ndiponso za zikondwererozi ndasiya. Ndawauza kale a kumpingo kuti apeze wina. Ndakhala ndikunamiza anthu kuti ndikuwajambula, maso anga ali kwina. Ndizijambula zomwe maso anga amapitako okha. Tchuthi cha December ndikufuna ndikafike kumapiri a Drakensberg."

"Mukajambule udzu wa kumeneko," anatero Jessy, ndipo kwa nthawi yoyamba kukamwa kwake kunafewa. "Anthu adzagula?"

"Sindikudziwa. Mwina a malo ogona alendo. Mwina palibe."

Jessy anatenga ndasi limodzi, naligawa pakati, n'kumupatsa theka. Panja ana ankakuwa m'Chizulu, kuthamangitsa mpira wa mapepala.

"Tatsegulani kompyutayo," anatero Jessy kenako. "Ndionetseninso mbalame zija."

Chancellor anatsegula. Jessy anayang'ana nthawi yaitali, chibwano chili padzanja. Pansi penipeni pa chithunzicho, kumunsi kwa mtambo ndi akakowa, pankaoneka kansonga koyera ka tenti.

"Apa ndi pathu?"

"Ndi pomwepo."

"Ndiye nthawi imeneyi amalume anali atagwira tambala, ine ndili mkatimu ndikunjenjemera." Analoza ndi chala pakansongako. "Mundisindikizire chachikulu, cha m'felemu. China mutumize kwa amayi."

"Ukufuna chimenechi? Mulibe munthu."

"Tilimo tonse, achimwene, kungoti simunatione," anatero Jessy akutola mbale yake. "Ndikachipachika pabalaza. Aliyense wofunsa ndizimuuza kuti ichi ndi chinkhoswe changa, anajambula ndi mchimwene wanga."